Mlendo pa Foni ya Kuchigayo

MUTU 5

1. Lamulo la a Pyo

Ku Sokcho, tauni ya m'mphepete mwa nyanja, ikayandikira nyengo yoika kimchi, kabichi wosungidwa ndi tsabola, chigayo cha a Pyo sichinkapuma. Amayi ankabwera ndi matumba a tsabola wouma, ena ndi chitowe chofuna kuyenga mafuta, ndipo aliyense wolowamo ankatuluka akuyetsemula, maso ali psuu. Dasom, mdzukulu wa a Pyo, anakulira m'fumbi lofiira limeneli. Bambo ake anamwalira iye asanayambe sukulu, ndipo mayi ake anapita kunja, ku Osaka, kukagwira ntchito yotsuka mbale. Pakhomo anatsala awiriwiri ndi agogo akewo.

Wachitatu pakhomopo anali foni. Inali yakuda, yolemera, yakale kuposa Dasom, ndipo inkakhala pa kansalu kopeta pafupi ndi khomo lochoka m'chigayo kulowa m'nyumba. Ikangolira, a Pyo ankazimitsa makina ngakhale tsabola ali pakati, n'kupukuta manja, n'kuinyamula ndi manja awiri. Sankati "halo" monga anthu ena. Ankati, "Ndine Mansik."

Makasitomala atsopano ankaseka. Munthu wa imvi mbuu kumadzitchula dzina la paubwana! Koma odziwa nkhani yake sankaseka.

A Pyo anathawa nkhondo kumpoto ali mnyamata, atagwira dzanja la mlongo wawo wamng'ono, Okbun. Padoko anthu anakankhana polimbirana sitima, dzanja lija n'kuwapulumuka. Patapita zaka zambiri, wailesi ya kanema itayamba kuonetsa anthu osowana pa nkhondo, a Pyo anakaima nawo ku Seoul atanyamula chikwangwani cha dzina lawo, la mlongo wawo, ndi nambala ya foni ya kuchigayo. Ena anapezana ndi abale awo. Iwo anabwerako okha, ndipo kuchokera pamenepo anakana kusamuka, anakananso kusintha nambala.

"Tamvera, mwanawe," ankamuuza Dasom pakudya, timitengo todyera tili m'mwamba. "Foni iyi si yochezera. Ukafuna miseche ndi anzako, miyendo uli nayo, pita kwawo. Ukaimba, nena chofunika, uibwezere pamalo pake. Agogo ako a Okbun mwina ali moyo. Mwina tsiku lija anaiona nambalayi, koma mtima wawo sunalimbe. Munthu wokalamba saimba kawiri. Akadzalimba mtima tsiku limodzi n'kupeza foni ili yotanganidwa, adzati nambala imeneyi inafa kalekale, basi n'kusiya. Ine ndinamutaya kamodzi padoko. Sindifuna kudzamutayanso chifukwa cha nkhani za nsapato ndi anyamata."

"Ndamva, agogo," ankayankha Dasom, monga amayankhira ana onse, pakamwa pokha.

2. Kabokosi ka Miju

Chimene chinkamudya Dasom chinali kusowa mayi ake. Kuimba kunja kunali kodula, choncho mayiwo ankaimba mwa apo ndi apo, mothamanga, mafunso ake omwewomwewo: ukudya? ukuwerenga? agogo ali bwanji? Dasom asanayambe n'komwe zakukhosi, foni inkaduka.

Tsiku lina poweruka, mnzake wa m'kalasi Miju anamukokera pa kangolo kogulitsa makeke a mpunga a tsabola.

"Nkhope imeneyo ndi ya maliro a ndani?" anafunsa Miju, pakamwa pali tho.

"Ndawasowa mayi."

"Ndiye ukungolira mankhwala ali m'chikwama changa?" Miju anatulutsa kabokosi koyera, kokwana m'dzanja, ka mabowo awiri kumbuyo. "Achimwene anakasiya popita ku yunivesite. Chingwe cha foni ulowetsa apa, cha intaneti apa. Munthu wa kutali akafuna kuimba ku Sokcho, mawu ake abwera pa intaneti mpaka pa kabokosi kako, n'kutulukira pa foni yanu ngati waimbira pompano. Iwenso ukafuna Osaka, utulukira pa foni ya munthu wa ku Osaka amene ali ndi kabokosi ngati aka. Kubwerekana basi, ngati mchere."

"Nanga anthu obwerekawo ndi ndani?"

"Anthu ngati iwe ndi ine, osowa abale awo. Ukufuna ndikubweretsere zithunzi zawo? Iwe Dasom, ndiwe nkhalamba yovala yunifolomu."

"Agogo sangalole."

"Agogo akowo makina anawagonthetsa kale. Amaimbira ndani iwowo? Foni yawo imangogona tsiku lonse ngati mphaka. Isiye igwireko ntchito."

Dasom anakatenga kabokosiko. Chingwe cha foni chinkadutsa m'chipinda chake, kuseri kwa tebulo la kompyuta imene mayi ake anamugulira kuti aziphunzirirapo. Sanafunse agogo, sanafunse mphunzitsi. Safunsa anadya phula.

Tsiku lomwelo anacheza ndi mayi ake mpaka pakamwa kuuma. Anawauza za aphunzitsi a masamu, za nsapato zomuthina, za dzino lomwe linkamuwawa. Mayiwo atadabwa kuti macheza otalika chonchi alipira ndani, iye anati ndi zaulere, za pa intaneti. Tisamunamizire mwanayu, chisangalalo chake chinali chenicheni, ndipo tsikulo anadya mbale ziwiri za mpunga. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

3. Foni yotanganidwa

Woyamba kudandaula anali agogo Eom, mayi wamasiye wa kumtunda kwa msewu, amene analera okha mdzukulu wawo Wonjae mpaka anapita ku usilikali.

"A Pyo, mwapeza chibwenzi kodi?" anakuwa polowa, thumba la tsabola lili pamutu. "Dzulo ndinaimba mpaka chala kutupa, foni yanu ili yotanganidwa. Paukalamba pano mukunong'onezana ndi ndani?"

Amayi a pamzere anafa nacho chiseko. A Pyo okha sanaseke. Anayang'ana foni, kenako anayang'ana Dasom, amene ankamanga mabotolo a mafuta pakona.

"Unaimba ndiwe?"

"Ayi, agogo. Mwina ndi mawaya a kumsewu."

A Pyo anapukuta manja, n'kunyamula foni ija, n'kumvetsera. Inkangolira kaphokoso kake ka masiku onse. Anaibwezera mosamala, koma nkhope yawo sinamasuke tsiku lonselo.

Dasom anazemba n'kulowa m'chipinda chake. Pa kabokosi panali kagetsi kobiriwira komwe kankathwanima mlendo akakhala pa foni. Masiku oyamba kankathwanima mwa kamodzikamodzi. Tsopano kankangoti kuyaka, kuzima, kuyakanso, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ngati munthu amene akugogoda khomo ndi khomo. Dasom anachita mantha. Anati akachotsa mawa, akangocheza ndi mayi ake komaliza. Koma mawa limenelo linalinso ndi mawa lake.

4. Mawu ofatsa

Loweruka masana chigayo chinadzaza. A Pyo anakuwa pamwamba pa phokoso la makina: "Dasom! Aimbire amayi a kumsika wa nsomba, uwauze tsabola wawo watha kugayidwa. Mwachidule!"

Dasom ananyamula foni. M'malo mwa kaphokoso kaja anamva mawu a munthu wamwamuna, ofatsa, aulemu, ngati a dokotala.

"Musalire, agogo. Ine ndine mkulu wake wa Wonjae ku usilikali. Mdzukulu wanu wavulaza mnzake ndi mfuti, mwangozi. Nkhaniyi ikafika kwa akuluakulu, akafera kundende. Tamumvani nokha."

Chapatali munthu wina analira mobanika, "Agogo! Agogo, ndithandizeni!"

"Mayo, Wonjae wanga!" Mawu amenewo Dasom anawadziwa nthawi yomweyo. Anali agogo Eom. "Koma bambo, nambala ikuoneka apayi ndi ya kuchigayo kwa a Pyo. Muli kumeneko?"

Munthu uja anayankha ndi mawu ofatsa omwe aja.

"Inde, agogo. Ndafika ku Sokcho, ndili kwa a Pyo pompano. Foniyi andibwereka ndi iwowo, ndipo akuti muchite changu. Musauze munthu. Tengani kabuku kanu ka kubanki, mupite kumene ndikuuzeni."

"Ngati a Pyo akudziwa, ndiye n'zoona. Ndikuvala nsapato, bambo, musadule."

Dasom anayang'ana kuchigayo. Kudzera pakhomo ankawaona agogo ake akuthira tsabola m'makina, osadziwa kuti dzina lawo likuba kumtunda kwa msewu. Akanatha kuibwezera foniyo mwakachetechete, kukachotsa kabokosi, n'kukaponya m'nyanja. Palibe akanadziwa. Dzanja lake linayambadi kutsika.

M'foni muja munamveka agogo Eom akukoka kabati, akupemphera chapansipansi.

Dasom anabweza foniyo kukhutu. Kenako anakuwa.

"Agogo Eom! Ndine Dasom! Ndi bodza limenelo! Kuchigayo kuno kulibe msilikali aliyense! Musatenge kanthu, ndi wakuba!"

Kenako munthu uja anaseka, kaseko kapansipansi, kosafulumira.

"Dasom," anatero, ngati akulawa dzinalo. "Dasom wa kuchigayo kwa a Pyo. Dzina labwino."

Mtsikanayo anaponya foni, n'kuthamangira m'chipinda, n'kuzula kabokosi ndi zingwe zake zomwe. Anakhala pansi atakafumbata.

5. Pamaso pa akuluakulu

Sipanapite nthawi, agogo Eom anatulukira pachigayo, phazi lina lili ndi nsapato, lina lopanda. A Pyo anazimitsa makina. Amayi a pamzere anawakhazika pansi agogo Eom, wina n'kuimba ku kampu ya asilikali pa foni yake ya m'manja. Wonjae anapezeka ali bwinobwino, akusenda mbatata kukhitchini. Wina anaitana apolisi.

Dasom sanadikire kuitanidwa. Anatuluka, n'kugwada pamaso pa agogo ake, n'kuika kabokosi pansi ndi manja awiri. Ananena zonse, za Miju, za Osaka, za kagetsi, ndi za bodza la mawaya a kumsewu. A Pyo anamvetsera atatchera khutu lawo labwino. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinamuopsa Dasom kuposa ndodo.

Wapolisi amene anabwera anali mayi wachitsikana dzina lake Ham. Anavula nsapato, n'kulowa, n'kukaika kabokosi m'thumba la pulasitiki.

"Bambo, nambala yanu takhala tikuifunafuna," anatero. "Sabata yonseyi yakhala ikuimbira nkhalamba za m'tauni muno, nyumba ndi nyumba. Nambala yachilendo ambiri sayankha. Koma iyi ili pa kalendala imene mumagawa pa chaka chatsopano, yapachikidwa m'khitchini iliyonse. Akaiona amati ndi a Pyo, n'kunyamula. Ena aberedwa kale."

"Wakubayo ali kuti?" anafunsa a Pyo.

"Akhoza kukhala kutsidya kwa nyanja, akhoza kukhala kuseri kwa msika uwu. Chimene chikuoneka ndi khomo limene anatulukira, ndipo khomolo ndi lanu. Nambala imene yagwira ntchito yakuba imatsekedwa. A kampani awuzidwa kale. Dzuwa lisanalowe ikhala itazima."

"Mpaka liti?"

"Sindikunamizani, bambo. Zina zimatsegulidwanso, zina ayi."

Pamenepo Dasom anaona chinthu chimene sanachionepo chibadwire. Agogo ake anagwada, n'kuwerama mpaka chipumi kugunda pansi, pamaso pa munthu wa msinkhu wa mwana wawo.

"Tsekani chigayo, mayi. Tengani makina, nditengeni ineyo. Nambala yokhayi ndisiyireni. Pali munthu amene akuidziwa, ndipo alibe njira ina yondipezera."

Mayi Ham anayang'ana kumbali. "Pepani, bambo. Sizili m'manja mwanga."

Agogo Eom anapukuta misozi ndi mkono wa malaya. "A Pyo, mwanayu musamuphe. Akanatseka pakamwa, bwenzi ine pano ndili kubanki."

A Pyo anadzuka pang'onopang'ono, n'kukhala moyang'anizana ndi mdzukulu wawo.

"Dasom, ukanangondiuza kuti wawasowa mayi ako. Kodi ine sindidziwa kusowa munthu? M'nyumba muno katswiri wake ndine. Bwenzi titapita limodzi ku positi, ukaimbe mpaka ukhute. Mnzakoyo akuti n'kubwerekana ngati mchere. Mchere umabwereka mnansi, chifukwa mawa ukumana naye pamsewu, ndipo akakuchimwira udziwa chitseko chogogoda. Koma nambala ndi khomo la nyumba, mwanawe. Ndi dzina. Ine dzina langa ndalimanga ndi tsabola wosasakaniza ndi mafuta osathira madzi, mpaka nkhalamba za m'tauni muno kumaliona n'kunyamula foni osaopa. Iwe walipereka kwa munthu amene sunamuone nkhope, iye n'kulivala ngati jekete, n'kupita nalo kokaba. Chinthu chikamatchedwa chaulere, uzifunsa kuti akulipira ndani. Apa alipira ndi anansi athu, ndi agogo ako a Okbun."

Dasom analira mosadzigwira. A Pyo anamusiya alire, kenako anaika dzanja lawo lokhakhala pamutu pake.

"Koma pakamwa unatsegula. Chimenecho ndachiona. Ukanakhala chete, lero ndikanataya nambala, n'kutayanso mdzukulu."

6. Kulira komaliza

Dzuwa linali litapendeka. Mayi Ham ankavala nsapato pakhomo pamene foni inalira.

Onse anauma. Kabokosi kanali m'thumba la apolisi, choncho uyu sanali wobwereka. Anali munthu amene waimba nambala ya kuchigayo mwadala.

A Pyo anaimirira. Anapukuta manja pa thalauza, ngakhale munalibe tsabola. Nkhope yawo inawala monga inkawalira nthawi zonse foni ikalira. Dasom anakula akuiona nkhope imeneyo, koma lero ndi pamene inamulasa mtima. A Pyo ananyamula foniyo ndi manja awiri.

"Ndine Mansik."

Chifukwa cha kugontha kwawo, foniyo anaitchera kuti izimveka kwambiri, ndiye onse m'chipindamo anamva. Kunayamba kaseko kaja, kapansipansi, kosafulumira.

"Mansik kaya ndani, zilibe kanthu, mdala. Mumuuze Dasom kuti wandionongera ntchito. Chigayo cha Pyo si chovuta kuchipeza. Ngakhale wakhungu angachilondole ndi fungo la tsabola."

Mayi Ham analumpha ndi nsapato zomwe n'kulanda foniyo, koma munthu uja anali atadula kale. Anamvetsera, n'kugwedeza mutu, n'kuibwezera kwa mwini wake.

A Pyo anaiika kukhutu lawo labwino. Kaphokoso ka masiku onse kanamveka pang'ono, kenako kanaleka. Anadinadina pamene amaikapo foni. Anagwedeza chingwe. Munalibe kanthu, munali zii.

"Atseka," anatero mayi Ham chapansipansi.

Mkuluyo anaibwezera foniyo pamalo pake ndi manja awiri, n'kuwongola kansalu kopeta kaja. Kenako anatuluka, n'kupepesa amayi amene anali adakali pamzere, n'kukoka chitseko chachitsulo cha chigayo kunja kukuwala, chinthu chimene sanachitepo pa nyengo ya tsabola. Atabwerera anakhala pansi pafupi ndi foni yakufayo, monga munthu amene akudikirabe.

"Dasom," anatero osamuyang'ana, "kuyambira lero sutuluka wekha."

Dasom asanayankhe, kunja kunamveka njinga yamoto ikubwera kuchokera kumsika. Inachepetsa liwiro, n'kuima pakhomo penipeni pa chigayo, ndipo wokwerayo sanazimitse injini.